Tisathamangire kugulitsa Land Rover zakale kwa ogula zitsulo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma imene kwa ife okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje imakhudza maulendo a kuchipatala, a kumsika ndi a kumanda omwe. Sabata ziwiri zapitazo, ndikuchokera ku Limbuli, ndinapeza anyamata atatu akudula Land Rover yakale ndi moto wa gasi kuseri kwa nyumba ina ya m'mbali mwa msewu. Nditaima n'kuwafunsa, anandiuza kuti mwini wake anamwalira ndipo ana ake aigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, aja amalipira poyeza pasikelo. Ndinapempha kuti ndisuzumireko kunsi kwake, ndipo ndinapeza kuti chasisi chake, chitsulo chachikulu cha pansi chosenza galimoto yonse, chinali cholimba kuposa cha galimoto yanga. Nditafunsa chimene chinaiimitsa, anati eni ake amanena kuti injini inkalira bwinobwino, magiya ankalowa, koma galimoto sinkasuntha pokhapokha atalowetsa mawilo akutsogolo. Aliyense amene anakhalapo ndi galimoto za mtunduwu akudziwa kuti chimenechi kawirikawiri ndi chizindikiro cha shafuti ya kumbuyo yothyoka, chitsulo chija chozungulitsa wilo, ntchito imene makaniko wodziwa amaimaliza tsiku limodzi dzuwa lisanalowe.

Ine ndili ndi galimoto ya mtundu womwewo, Land Rover Series III ya chaka cha 1978, yaitali ija amaitcha 109 chifukwa kuchoka pa mawilo akutsogolo kufika pa akumbuyo pali mainchesi 109, ndipo injini yake ndi ya petulo ya malita 2.25. Ndinaigula pamene esiteti ina ya tiyi, kumene ndinagwirako ntchito ya udalaivala kwa zaka zambiri, inkagulitsa galimoto zake zakale, ndipo anzanga ankandiseka kuti ndathira ndalama za penshoni m'chiphakasa. Mpaka lero ikuyenda. Yanyamula nanazi ndi nthochi, yathamangitsira amayi oyembekezera kuchipatala pakati pa usiku, ndipo maliro amene yaperekeza sindingathe kuwawerenga. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi kugumula misewu kuno ndi ku Phalombe, galimoto zokongola zotsika zija timaitanitsa ku Japan zinangoima pakhomo, pamene chiphakasa changa chinkakwawa m'matope chitasenza matumba a ufa. Zimene ndaphunzira pa zaka zonsezi n'zakuti galimoto zimenezi sizifa ndi ukalamba ayi, zimaphedwa ndi matope osatsukidwa, oyilo wosayang'anidwa ndi manja a munthu amene sanaphunzitsidwe kuzigwira.

Land Rover yoyamba inatuluka m'chaka cha 1948 ku Solihull, m'dziko la England, nthawi imene chitsulo chinali chosowa chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo n'chifukwa chake thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo akuluakulu akukumbukira kuti apolisi, zipatala, mamishoni ndi maesiteti ankadalira galimoto za banja limeneli. Koma aluminiyamu yemweyo ndi amene amapusitsa anthu ambiri lero. Popeza thupi silichita dzimbiri lofiira, munthu amaona zitseko zosalala, n'kupaka penti yatsopano, n'kumaganiza kuti galimoto ili bwino, osadziwa kuti chasisi chimene chasenza zonse ndi chachitsulo, ndipo chikudyeka kuchokera m'kati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno ku Mulanje mvula ndi yambiri, ndipo ngakhale dzinja litatha chiperoni chimabwera ndi mvula yake yamawawa m'miyezi yozizira, motero katondo amene walowa m'mabowo a chasisi sauma msanga. Amakhala m'menemo wonyowa miyezi ndi miyezi, akudya chitsulo mwakachetechete, makamaka pa mtanda wakumbuyo, pa timikono togwira thupi ndi pamene pamamangiriridwa masipuling'i.

Njira yodziwira ndi yapafupi ndipo siifuna ndalama. Munthu agone pansi ndi hamala yaing'ono, agogode chasisi chonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu, pamene chowola chimangoti phuu ngati wamenya thumba la madeya, mwinanso hamala n'kulowa. Ine ndimatsuka m'kati mwa chasisi ndi paipi ya madzi dzinja likangotha, mpaka madzi otuluka atayera, kenako ndimadikira masiku adzuwa kuti muume ndisanathiremo mafuta oteteza dzimbiri. Pamene pabooka pamafunika kudula chitsulo chowolacho n'kuwotchererapo chatsopano chochindikala mofanana, osati kungomata chigamba pamwamba pa dzimbiri monga amachitira ena pofuna kuti galimoto ingodutsa pa mayeso a COF, aja otsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Malo enanso oyenera kuwayang'ana ndi pansi popondapo mapazi dalaivala ndi womuyandikira, pakuti khoma lolekanitsa injini ndi anthu nalonso ndi lachitsulo, komanso paliponse pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, pomwe pamatuluka ufa woyera wosonyeza kuti aluminiyamuyo akudyeka.

Nkhani yaikulu kwambiri ndi ya oyilo, ndipo pamenepa ndipempha kuti mundilole ndikhalitsepo pang'ono. Madalaivala ambiri a masiku ano anazolowera kusolola kandodo ka injini, kuona oyilo, n'kutseka boneti. Pa Land Rover yakale malo ofuna oyilo alipo 9: injini, giyabokosi, bokosi lachiwiri logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo limene amakaniko amalitcha transfer, difu yakutsogolo ndi difu yakumbuyo (magiya a pakati pa ekiselo ogawira mphamvu kumawilo awiri), mipira iwiri yonyezimira ya kuseri kwa mawilo akutsogolo, bokosi la chiwongolero, ndi relay ya chiwongolero, yopititsa mphamvu ya chiwongolero kumawilo, imene imabisala m'chasisi kutsogolo, yomwe ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Injini imamwa 20W50, pamene malo ena onsewo amafuna oyilo wolemera wa magiya, wa EP90. Kulibe kandodo koyezera kumeneko. Pa giyabokosi, transfer, madifu ndi mipira ija umamasula kabawuti ka m'mbali n'kupisamo chala, ndipo oyilo ayenera kukhala pakamwa penipeni pa bowolo. Galimoto zimenezi zimadontha, palibe wozikonda amene angakane, moti ife eni ake timaseka kuti ukaona pansi pouma ndiye kuti oyilo watha. Kudonthako si vuto lalikulu ngati munthu akuonjezera mwezi ndi mwezi, koma giyabokosi imene imalowa oyilo wokwana lita imodzi ndi theka yokha siichedwa kuuma, ndipo ikauma imayamba kulira, kenako kulavula giya yachiwiri potsetsereka. Ndiwonjezerepo langizo limodzi limene ndinaliphunzira mowawa: posintha oyilo, yambani mwamasula bawuti yothirira musanamasule yokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti yothirirayo yakana kumasuka.

Madzi ndiwo mdani wina wa oyilo ameneyu. Masiku a Freddy aja ndinaoloka mitsinje yodzaza kangapo, ndipo patapita sabata zitatu ndinayamba kumva kulira kwachilendo kumbuyo. Amakaniko anga, bambo wachikulire amene anaphunzira ntchito m'galaja ya esiteti kale kwambiri, anamasula bawuti ya pansi pa difu, ndipo chimene chinatuluka sichinali oyilo koma chinthu chotuwa ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Anachitapa ndi chala, n'kundionetsa pafupi ndi maso, n'kunena kuti, "Achimwene, galimotoyi sinatope ayi, mwaimwetsa mtsinje." Anandifotokozera kuti ekiselo ikatentha ndi ulendo n'kumizidwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umafota, ndipo ngati kabowo kopumira ka pamwamba katsekeka ndi matope, madzi amayamwidwa kudzera m'masilo. Tinakhetsa madifu onse awiri ndi mipira yakutsogolo ija, tinatsuka timabowo topumira ndi palafini, ndipo ndinapulumutsa magiya amene akanandidyera ndalama zoposa za chimanga cha chaka chonse. Kuyambira pamenepo, ndikaoloka madzi ofika pakati pa mawilo, sindigona ndisanaone mtundu wa oyilo.

Palinso kuononga kumene kumachokera pampando wa dalaivala. Pambali pa ndodo ya magiya pali ndodo ziwiri zazifupi, ina ya mutu wachikasu, ina ya mutu wofiira. Yachikasu ukaikanikiza pansi, mawilo onse anayi amayamba kukoka, ndipo yofiira ukaikokera kumbuyo galimoto itaima, umalowa magiya amphamvu oyenda pang'onopang'ono, okwerera zitunda zoterera ngati za ku Thekerani. Galimoto imeneyi ilibe difu yapakati, choncho mawilo akutsogolo ndi akumbuyo akalumikizidwa amakakamizika kuzungulira mofanana. M'matope zilibe kanthu chifukwa tayala limaterereka pang'ono n'kumasula mphamvuyo, koma pa tala palibe poterereka, ndipo mashafuti amapotana mpaka china chithyoke. Ndaonapo anthu akuchoka ku Chitakale mpaka ku Luchenza chachikasu chili pansi, akudabwa kuti chiwongolero chalimba bwanji. Kumasula kwake n'kosavuta: imani, kokerani chofiira kumbuyo, kenako mukankhireni kutsogolo, ndipo chachikasu chimadumphira m'mwamba chokha. Shafuti zambiri zothyoka, mwina ndi ya galimoto ndinaiona ikudulidwa ija, zimathyoka chifukwa cha zimenezi, kapena chifukwa cha dalaivala amene watitimira ndi katundu wopyola muyeso n'kumaponda moto ndi kulumphitsa kilatchi mwaukali.

Pa mabuleki sindinyengerera munthu. Series III ili ndi mabuleki a madiramu mawilo onse anayi, ndipo sadzikonza okha monga a galimoto zatsopano, amafuna munthu awasendeze ndi sipanala nsapato zake zikamadyeka. Akanyowa pooloka mtsinje sagwira mpaka ataumitsidwa poyenda pang'onopang'ono phazi lili pa buleki mopepuka, ndipo woiwala zimenezi amakazindikira ali kale pamtsetse. Mchitidwe wothira madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki, umene ndimaumvabe ukuyamikiridwa m'malo ena okwerera matola, ndi wofuna kupha anthu, chifukwa madzi amadyetsa dzimbiri m'masilinda ndipo amawira mabuleki akatentha. Hendibuleki nayo ndi yosiyana ndi ya galimoto zina, pakuti imagwira shafuti yaitali kuseri kwa transfer, osati mawilo. Tanthauzo lake n'lakuti siyenera kukokedwa galimoto ikuyenda, ndiponso munthu akakweza wilo limodzi lakumbuyo ndi jeke, galimoto ikhoza kugubuduka ngakhale hendibuleki ili yokoka. Miyala iwiri yoika kumawilo ndi imene imasunga moyo wa munthu wagona kunsiyo.

Eni galimoto za petulo akumbukirenso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Mapaipi akale a labala ndi kachikopa ka m'pampu ya petulo zimauma ndi kung'ambika msanga ndi mafuta oterewa, ndipo galimoto ikakhala miyezi osayenda, ethanol amakoka chinyezi chimene chimadzetsa dzimbiri m'thanki. Paipi yatsopano ndi sefa yaing'ono yoika petulo asanafike pa kabuleta, chosakanizira petulo ndi mpweya, ndi zotchipa poyerekeza ndi moto wa m'boneti.

Tsopano ndifike pa chimene chikundidetsa nkhawa kuposa dzimbiri. Amakaniko anga aja maso ayamba kuchita chidima, ndipo anzawo amene ankagwira nawo ntchito ambiri anatisiya. Iwo amatha kugunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chili kukhutu, n'kukuuza kuti pa matapeti, tizitsulo totsegula mavalavu a injini, ndi iti imene yatalikira, kenako n'kuibweza pa mpata wake wa mamilimita 0.25. Amadziwa kutchera mapointi oyatsa moto m'mapulagi ndi kabuleta popanda kompyuta. Achinyamata amene akutuluka m'sukulu za ntchito zamanja ndi anzeru ndithu, ndipo pa galimoto zamakono amandiposa kutali, koma ambiri sanaonepo distributor ya mapointi, chogawira moto kumapulagi, chibadwire. Tsiku lina ndili paulendo ndinakakamizika kuima pagalaja ina, ndipo mnyamata wa pamenepo, mwaulemu wake wonse, anatenga sipanala ya 13 n'kuika pa nati ya theka la inchesi. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti sipanala imaoneka ngati yakwana, koma ukakoka mwamphamvu imaterereka n'kudya makona a nati, ndipo mapeto ake ndi tchizulo ndi hamala. Sindinamukalipire, pakuti palibe anamuuzapo kuti mabawuti ambiri a galimoto imeneyi ndi a muyeso wa mainchesi, ena mwa iwo a mtundu wakale wa Whitworth, ndipo amafuna masipanala awoawo. Kulephera kotereku kukachuluka, mwini galimoto amatopa, n'kunena kuti galimotoyi ndi yovuta, ndipo posakhalitsa wa sikelo uja amafika pakhomo.

Ena amathawira kochotsa injini yake n'kuikamo ya dizilo ya galimoto za ku Japan. Sindiwadzudzula onse, chifukwa ndaonapo zina zoikidwa mwaluso zimene zikutumikira bwino, ndipo mtengo wa mafuta umapangitsa munthu kuganiza zambiri. Komabe giyabokosi, mashafuti ndi mabuleki a Series III anapangidwira injini yofatsa, ndipo ukaikamo yamphamvu kwambiri umangosamutsira vuto kumbuyo, kumene zitsulo zimayamba kuthyoka chimodzichimodzi. Amene wasankha njira imeneyi ayendetse modziletsa, ndipo aonetsetse kuti nambala ya injini yatsopanoyo yalembedwa m'mapepala a galimoto.

Ndisaname kuti zonse n'zokoma. Yanga imayenda makilomita 6 okha pa lita imodzi ikakhala ndi katundu, ndipo masiku amene mafuta amasowa ndimaima pamzere ndi mtima wolemera kuposa wa njinga yamoto. Ndi yaphokoso, imadontha pa bondo mvula ikamagwa, ndipo ilibe zotetezera anthu pangozi zimene galimoto zatsopano zili nazo, choncho si galimoto yothamangitsa pa msewu wa ku Limbe. Masipeya ambiri amachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera mowawa. Pamsika padzazanso masipeya achinyengo, masilo amene amadontha sabata yomweyo ndi mabushi amene amaphwanyika mwezi usanathe. Walira mvula walira matope. Koma kukwera mtengo kwa masipeya atsopano ndi chifukwa chinanso chosadulira galimoto zakale, popeza iliyonse imene yapita kusikelo yapita ndi giyabokosi, madifu, masipuling'i ndi zitseko zimene zikanadzutsa zinzake zitatu popanda dziko kutulutsa ndalama yakunja ngakhale imodzi.

Pempho langa loyamba likupita kwa a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a luso, ndi sukulu za ntchito zamanja, kuphatikizapo makoleji a m'madera. Pamene mukuphunzitsa ana athu za galimoto zamakono, zomwe n'zofunikadi, sungani pabwalo galimoto imodzi yakale yoti aziimasula ndi kuimanganso, pakuti pa Land Rover kapena Land Cruiser yakale chilichonse chimaoneka ndi maso, ndipo mwana amene wamvetsa mmene difu imagwirira ntchito ataigwira ndi manja sadzavutika pa galimoto ina iliyonse. Itanani amakaniko opuma a m'maesiteti a Mulanje ndi Thyolo adzaphunzitseko ngakhale tsiku limodzi pamwezi, ndipo muwapatse kangachepe, ambiri a iwo alibe mapepala koma ntchito ili m'manja. Kwa mabungwe, mipingo ndi maofesi amene ali ndi galimoto zotere zogona pa miyala kuseri kwa nyumba, udzu utamera m'mawilo, ndikuti zigulitseni poyera zisanawole, kwa anthu amene angazidzutse. Ndipo kwa mabanja amene bambo anawasiyira galimoto yotere, musanaitane wa sikelo, itanani kaye makaniko wachikulire aigogode ndi hamala ndi kuzungulitsa injini, chifukwa mtengo wa galimoto yoti ikhoza kuyenda, ngakhale wa masipeya ake pogulitsa chimodzichimodzi, ndi wosiyana kutali ndi wa zitsulo zoyeza pa kilogalamu.

Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti mutipatseko kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, koti amakaniko ndi madalaivala azifunsana ndi kuyankhana za kasamalidwe ka galimoto, mathirakitala ndi zigayo m'Chichewa, chifukwa mabuku a zimenezi ali m'Chingerezi ndipo sapezeka kumudzi.

Land Rover ya ku Limbuli ija sindinathe kuipulumutsa, popeza ndinafika chasisi atachidula kale pakati. Ndinagwirizana nawo anyamatawo mtengo wa giyabokosi ndi maekiselo onse awiri, ndipo tsopano zili pansi pa mtengo wa mango kwathu, zofunditsidwa ndi lona. Loweruka likubwerali amakaniko anga alonjeza kubwera kuti tidzamasule ekiselo yakumbuyo tione ngati inalidi shafuti, ndipo mdzukulu wanga wamkazi, amene walemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, wapempha kuti masipanala adzagwire ndi iyeyo.

Ndine wanu wowerenga,
Dalaivala wopuma ntchito,
Mulanje